Manda Amene Munafufuta pa Chithunzi

Amina, ika pansi kansanzako. Ndati ika pansi, ndipo botolo lako lopoperalo lisayandikire chithunzi chimenecho. Pukuta tebulo, pukuta mawindo, ukafuna upukutenso dazi langali, koma galasi ilo ulisiye mmene lilili. Iwe Hamza, zula timahedifoni takoto ubwere udzakhale apa. Lero ana inu mundimvetsera, ndipo mundimvetsera m'Chichewa. Pamene simukumva mufunse, chifukwa kusafunsa kwanuko ndi kumene kwatifikitsa pano.

Mukuona chidindo cha chala icho pagalasi, m'munsi cha kumanzere, pamene pali mchenga wokhawokha? Inu mukuti ndi litsiro. Pamenepo panali manda. Panali mulu wa miyala ndi ketulo yoyera pamwamba pake, ndipo pansi pa miyalayo pagona Che Saidi, mlongo wawo wa malemu agogo anu aakazi, ndiye kuti agogo anunso. Munawafufuta ndi foni, inu awiri, mutakhala pa sofa yomweyi. Ine ng'ala ikukwera m'maso mwangamu, chaka chamawa mwina chithunzicho ndidzachiona ngati nkhungu, ndipo munthu amene angaloze pamene panali mandawo ndatsala ndine ndekha.

Usatsegule pakamwa kuti sindinakuuzeni. Mawu amenewo ndawamva kale kwa amayi anu ndipo anandikwana. Kwathu nkhani za manda sitikambira ana pamene akudya mpunga. Mwana amakula, n'kuona chinthu chosachimvetsa m'katundu wa mkulu, n'kubwera pafupi, n'kufunsa. Safunsa anadya phula. Koma phula lanuli mwadyetsa ine, ndipo likundiwawa mpaka lero.

Ndiyambe ndi kumene chithunzicho chinachokera, poti mumayesa agogo anu anabadwa ali pa mpando uno ndi bulangeti m'miyendo. Ndili mnyamata ndinachoka ku Mangochi kupita ku Joni, monga ankachitira anzanga onse. Iwo ankalowa pansi kukakumba m'migodi, ine anandikana chifukwa cha chifuwa, ndiye ndinapeza ntchito yosesa kwa mzungu wina wojambula zithunzi za pa kalendala. Kuchoka pa tsache ndinalowa m'chipinda chamdima kumatsuka zithunzi. Mankhwala ake ankanunkha ngati viniga wowola, zala zanga zinasanduka zachikasu moti agogo anu aakazi, nditabwera kudzawafunsira, anayesa ndine wosuta fodya. Patapita zaka mzungu uja mawondo anamukana, ndipo anandipatsa kamera yake nati tsopano mapiri uzikwera ndiwe.

Kamera yake si tinthu tanuti tolowa m'thumba la buluku. Linali bokosi lakuda lolemera ngati njerwa, la maso awiri kutsogolo, ndipo poyang'anamo unkawerama ngati ukusuzumira m'chitsime. Unkaliika pa miyendo itatu yamatabwa, yonyamula paphewa mpaka phewalo kuchita chipsera. Filimu imodzi inkalowa zithunzi khumi ndi ziwiri, basi. Ukadina wadina, ndipo chimene wajambula sunkachiona mpaka utabwerera m'tauni. Ndiye chala chisanadine, mutu unkayamba wagwira ntchito. Inu mumajambula mbale ya chakudya kambirimbiri chakudyacho n'kuzizira, kenako mumvekere izi sizinatuluke bwino, diliti, diliti. Chinthu chimene simunachivutikire simungachiope pochitaya.

Che Saidi anali dalaivala wathu. Ntchitoyo ndinawapezera ndine nditakwatira mlongo wawo. Anali munthu wamfupi, wamawu aakulu, wosatha kukhala chete ngakhale akutafuna. Paja pachilamu pamakhala nthabwala, ndiye ine sankandipumitsa. Ankati mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wokwatira mapiri, ndipo akadzabwerera kumudzi adzakaulula kuti pali akazi anzake amiyala. Kuseka kwako, Hamza, koyamba ndi mapewa mawu asanatuluke, n'kwa iwowo. Sunadziwe, eti? Ukanadziwa bwanji, poti sufunsa.

Anali ndi ketulo yawo yoyera yokhala ndi mlomo wabuluu, yosambira asanaswali. Ketulo imeneyo inkayenda nawo kulikonse, yomangirira ndi chingwe kuseri kwa mpando. Nthawi ya swala ikakwana, kaya tili pakati pa mchenga kaya pa thanthwe, ankaimitsa galimoto, kuyang'ana dzuwa, kuloza kumene kuli chibula, mbali imene Msilamu amayang'ana poswali, n'kuyala kamkeka. Nyama youmitsa imene anthu akumeneko amaikonda iwo sankaikhudza, ati sindikudziwa anaizinga ndani. Ankayenda ndi usipa wouma wochokera kumudzi m'kathumba, ndipo galimoto yonse inkanunkha kwathu.

Kumene tinkapita ndi ku Namibia, nthawi imeneyo dzikolo likutchedwa dzina lina, kumadzulo kwenikweni kumene msewu umatha n'kutsala mikwasa ya matayala, kenako nayonso n'kutha. Ife a kwathu tinazolowera phiri lovala, la mitengo, la anyani, la timitsinje. Awo ndi mapiri a mbulanda. Mwala pamwamba pa mwala, popanda ndi mthunzi womwe woti mbuzi ingabisalemo. Tsiku loyamba ndinachita mantha, sindikubisirani. Kunali zii, moti unkamva magazi ako akuyenda m'makutu. Che Saidi anati Mulungu anayamba kulenga kuno, kenako anaitanidwa kwina.

Masana mapiri amenewo sajambulika. Amatuwa ngati phulusa, ndipo ukawajambula umangoononga filimu. Koma m'mamawa, dzuwa likangosuzumira, amafiira ngati makala a pa mbaula, mikwingwirima yonse n'kuonekera. Kufiirako sikukhalitsa, munthu asanamalize kapu ya tiyi kwatha. Ndiye unkakwera dzulo lake kukasankha malo, kuika miyala itatu pamene padzaime miyendo ya kamera, n'kudzabwerera kusanache bwino, ukunjenjemera ndi chisanu. Inde, m'chipululu mumazizira, musamayese kuzizira munakuyambitsa ndinu kuno ku Canada. Nthawi zina unkadikira m'mawa wonse, fumbi n'kubwera n'kuphimba phiri, iwe n'kutsika chimanjamanja n'kudzayesanso mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Filimu imaopa kutentha kuposa munthu. Tinkaisunga m'chitini, chitinicho m'thumba la chiguduli, thumbalo n'kumaliwaza madzi, madzi omwe akumwawo. Che Saidi ankadandaula kuti pa ulendo uno bwana ndi filimu, wachiwiri wake ndi galimoto, ife ndife omwera zotsala. Fumbi la pa diso la kamera ndinkalichotsa ndi nthenga ya nkhuku, osati nsanza, chifukwa nsanza imakanda. Ukumva, Amina? Ngakhale kupukuta kuli ndi malamulo ake.

Tinkayenda ndi mkulu wina wakomweko dzina lake Petulo, woweta mbuzi, amene ankadziwa pokumba madzi m'mitsinje youma. Chinenero chake chinali chodula lilime, ife chathu iye sankachimva, ndiye tinkakumana pa Chibunu chophwanyaphwanya ndi manja. Tinayenda naye maulendo angapo osakangana.

Ulendo womaliza, Che Saidi anali atasiya akazi awo kumudzi ali oyembekezera, mwana woyamba. Njira yonse nkhani inali imeneyo, mayina akusankha n'kusintha. Tinalowa mkati kwambiri kuposa kale lonse, kufuna phiri lina limene Petulo anatiuza, lokhala ndi mpata pakati ngati mano a munthu wa mpata. Ndi limenelo likuoneka apolo. Titalifika, ine n'kujambula pafupifupi filimu yonse, chitsulo cha kunsi kwa galimoto chinathyoka pa mwala. Che Saidi anapita kukafuna mwala wafulati woti aikepo jeke. Anatukula umodzi m'mphepete mwa thanthwe, pamene panali kamthunzi, ndipo njoka yaitali yotuwa inawaluma padzanja.

Tinamanga mkonowo, tinachita zonse zimene tinkadziwa. Petulo ataona njokayo ikulowa m'mwala anangovula chipewa, ndipo ine ndinamva. Galimoto yafa, chipatala chili kutali koti ngakhale galimoto ikanakhala yamoyo sitikanafika. Ndinawakhazika pamthunzi wa galimoto mutu uli pamiyendo panga. Munthu wolongolola uja mawu anayamba kulemera, zikope kugwa. Anandigwira malaya nati:

"Alamu, musanditaye ngati galu. Mwanayo akadzabadwa mudzamuonetse pamene ndagona."

Ndinati ndamva, alamu. Kenako ndinawatsogolera shahada, mawu aja amene Msilamu aliyense amafuna kufa ali nawo pakamwa, ndipo anawatsatira mpaka kumapeto. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anali atapita.

Inu maliro mumawadziwa a kuno, oimba foni, anthu ovala masuti n'kubwera ndi galimoto yaitali. Kumeneko kunalibe shehe, kunalibe mbale, kunalibe ndi mayi mmodzi yemwe woti alire. Kunyamula thupi pa kutentha kuja sikukanatheka. Ndinatenga madzi athu akumwa, kuthira m'ketulo yawo yomwe ija, n'kuwasambitsa. Ndinayang'ana Petulo poti madziwo anali akenso, iye anagwedeza mutu kuti thira, madzi tikakumba. Nsanda inali nsalu yoyera imene ndinkaphimbira kamera ku dzuwa, pamodzi ndi shiti ya pogona panga. Tinakumba ndi fosholo ndi chitsulo chochotsera matayala, nthaka yolimba ngati simenti. Ndinawagoneka nkhope italoza kuchibula, komwe iwo ankandilozera tsiku lililonse. Swala ya maliro ndinaswali ndekha, kumbuyo kwanga kulibe mzere.

Ndiye miyala ija. Miyala imene inu munati ikuononga chithunzi. Uliwonse tinaunyamula pamimba, ine ndi Petulo, kuchokera m'munsi mwa phiri, kuti afisi ndi nkhandwe asafukule. Petulo anali Mkhristu, Che Saidi sanali mbale wake, koma anatuta mpaka zikhatho kutuluka magazi. Anandiuza kuti kwawoko munthu sadutsa mulu wotero osaponyapo mwala wake. Pamwamba ndinaika ketulo ija n'kuipanikiza ndi miyala kuti mphepo isaitenge. Ashehe akanandidzudzula, pamanda pathu sitiikapo ziwiya, koma ndinkafuna chinthu choyera choti chioneke patali pakati pa miyala yofanana yonseyo.

M'kamera munatsala malo a chithunzi chimodzi. Ndinasankha poima pamene mpata wa phiri ukuonekera bwino, manda ali m'munsi kumanzere, kuti munthu wodzafuna adzaime pomwepo, aone mpatawo, adziwe kuti atembenukire kuti. Ndinadikira m'mawa, ndikuopa kuti fumbi libwera kapena chala chindinyenga. Dzuwa litatuluka phiri linafiira, ketulo inawala, ndipo ndinadina. Mvetsani bwino ana inu, ine sindinkajambula phiri. Phirilo linali chikwangwani chabe. Chithunzi chonsecho chinali cha kangodya kamene munakayeretsako.

Tinayenda wapansi mpaka pa famu ina, Petulo akukumba madzi m'njira monga analonjezera. Nditafika ku Joni n'kutsuka filimu, mzungu uja anachikonda chithunzicho kuposa zonse. Anati chilowe pa kalendala, koma tidule m'munsimu, miyala iyi ndi ketulo zikusokoneza. Koma asanagwire lumo anandifunsa kuti kodi zimenezi n'chiyani. Nditamuuza anabweza dzanja, n'kundipatsa kuti ndi chako. Mzungu, munthu wa eni ake, wa m'nthawi yoipa ija ya tsankho, anafunsa. Inu magazi anga enieni ayi. Pamenepa ndi pamene pamandiotcha mtima.

Ntchito ija ndinaisiya, mapiri anandikwana. Ndinabwerera kumudzi ndi uthenga wa maliro ndi chithunzi chimodzi chapepala. Ndinapeza mwana atabadwa, wamkazi, Mariamu, amene ife timati Abiti Saidi, kutanthauza mwana wamkazi wa Saidi. Ndi anti aja anabwera Lamulungu lathali kuchokera kwa mwana wawo ku Mississauga, amene munawapatsa moni muli chiimire ngati asilikali. Bambo awo sanawaonepo. Chimene anakula nacho ndi chithunzi chija pakhoma la mayi awo. Ana anzawo akamati bambo anga ali kumunda, iwo ankaloza ketulo ija n'kumati anga ali apa.

Changa chinali kasilaidi, kafilimu kenikeni kamene kanali m'kamera tsiku limenelo, kakang'ono ngati bokosi la machesi, koonera pa kuwala. Ndinkakasunga pamodzi ndi tinzake m'chitini cha mabisiketi. Chitinicho chinapirira chiswe cha ku Mangochi, chinapirira kusamuka kwathu konse. Agogo anu aakazi atamwalira, amayi anu atandiitana kuno, ndinasiya mipando, ndinasiya njinga, koma icho ndinachikumbatira pamiyendo m'ndege. Pa eyapoti anachitsegula, anayang'ana, n'kunditsekera bwinobwino. Chinafika kuno ku Scarborough chili chamoyo, kudzafera m'nyumba ya mwana wanga.

Zaka zapitazi madzi atasefukira kumudzi, nyumba ya Abiti Saidi inagwa, chithunzi chapepala chija n'kupita ndi matope. Anandiimbira foni akulira, osalirira nyumba koma icho. Ndinati musalire mayi, mwini wake wa chithunzicho ali ndi ine, ndipo pa positi sindingamuike, mudzamunyamula nokha ndi manja anu. Mwana wawo wa ku Mississauga atakhala woyembekezera, ndinadziwa kuti abwera kudzathandiza chikuta, ndipo lonjezo langa kwa alamu ndilikwaniritsa kachiwiri.

Ndiye inu munaganiza zondipatsa mphatso ya Idi. Ine ndili ku mzikiti Lachisanu, munalowa kuchipinda kwanga, kutsegula kabati, kutenga chitini. Kwathu mwana salowa kuchipinda kwa agogo ake ngakhale chitseko chili pululu, koma kuno mumati ndi sapulaizi. Munasikana zonse n'kuzilowetsa mu kompyuta, ndikuvomera, ntchito munaigwira. Munasankha chokongola kuposa zonse, munasankhanso bwino, diso muli nalo ngati langa. Tsiku la Idi munachivundukula, chachikulu, m'felemu, ine ndilibe magalasi. Ndinaona kufiira kwa phiri ndi mpata uja, misozi n'kutsika, ndinakudalitsani pamaso pa alendo. Ndinagona ndikuti ndili ndi zidzukulu.

Kutacha ndinavala magalasi n'kuyandikira kuti ndiwapatse moni alamu anga. Mchenga. Ndinapukuta magalasi, kuyang'ananso. Mchenga wosalala ngati pabwalo posesa. Ndinayesa ng'ala yandimaliza usiku umodzi. Nditakufunsa, Amina, unandiyankha ukumwetulira, m'Chingerezi chako chotulukira m'mphuno, kuti panali zinyalala zosiya anthu odzaona malo, mulu wa miyala ndi chiketulo chakale, ndiye mwaedita kuti chikhale choyera. Unandionetsanso mmene zimachitikira, kuzunguliza chala kamodzi, chinthu n'kusowa. Ndinatuta miyala imeneyo mpaka msana kuuma, iwe unaichotsa ndi chala chimodzi uku ukutafuna chingamu. Ndi zimenezi akukuphunzitsani ku yunivesite ya ku North York, kumene umapita ndi mabasi awiri?

Ndinati palibe kanthu, bweretsani chitini changa. Apo amayi anu anayamba kuyang'ana pansi. Ati ababa, zonse zili mu kompyuta tsopano, nyumba ndi yaing'ono, chitini chinali ndi dzimbiri, ndinachiponya. Kuchiponya kuti? M'chibowo chija cha pa kolido, chimene chimameza zinyalala za nyumba yonse yosanjayi. Ndinatsika ndi lifiti nditavala masilipasi, chipale chofewa chili panja, kukafunsa bambo wosamala nyumba. Anandiyang'ana mwachisoni nati lole inatenga kalekale. Ndinabwerera n'kuti ndipatseni choyamba chija, musanachikonze. Munafufuza m'foni, m'kompyuta, ndi kumtambo kwanu kumene mumati zinthu sizisowa. Ati tinasevera pamwamba, chokonzedwacho chinalowa m'malo mwa choyamba. Zithunzi za miyala wamba zonse zilipo, za Petulo ndi mbuzi zake zilipo. Chimodzi chokhacho ndi chimene munachikonda mpaka kuchipha.

Ndipo iwe Hamza, usabise nkhope, za iwe sindinaiwale. Unati agogo musadandaule, ndiuza foni ibwezeretse. Unalemba kuti ika manda, n'kubwera nayo ukuthamanga. Ndikuyang'ana, pali manda a simenti, maluwa ofiira, ndi mtanda pamwamba. Che Saidi, munthu woimitsa galimoto pakati pa chipululu kuti aswali! Mtanda sindiunyoza, anzanga a ku Chipata amene ndimamwa nawo tiyi pansipa ndi Akhristu, ndipo Petulo anali Mkhristu woposa ambiri. Koma amenewo sanali manda a alamu anga. Unayesanso, inabweretsa miyala yozungulira yosalala ya mumtsinje, kumalo kopanda mtsinje. Ndinati zimitsa. Manda sapeka. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene mukuwaola ndi foniwo ndi matope.

Unanenanso kuti tikhoza kupeza phirilo pa mapu a m'mwamba. Phirilo ulipeza, silithawa. Koma chigwa chili patsinde pake n'chachikulu kuposa Scarborough yense, ndipo milu ya miyala ilimo yosawerengeka. Popanda kudziwa kuti manda ali mbali iti ya mpata, ndiponso kutalika kwake, ukhoza kuyenda mpaka nsapato kutha.

Lamulungu lija Abiti Saidi atabwera, inu munapereka moni n'kuthawira kuchipinda, ndiye simunaone. Ine ndinali nditawauza kale pa foni, sindikanalola kuti adzazione okha pakhoma. Anangoti ndamva amalume, ndibwerabe. Analowa, anavula jekete lawo lobwereka, tiyi anakana. Anapita molunjika pa chithunzicho n'kuima. Mayi wa imvi zake, amene wangolandira mdzukulu, anaima pamenepo manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa, bwenzi tikukalipa awiri. Anati phiri ndi lomwe lija, akulikumbuka, koma chakwawo chija chinali chaching'ono ndipo chinafwifwa, ndiye pa chachikuluchi asokonezeka. Kenako anatembenuka.

"Amalume, bambo anga agona pati?"

Ndinayandikira, kuyeza ndi diso kuchokera pa mpata kutsika, monga ndinayezera m'mawa uja. Ndinagwira dzanja lawo, kutenga chala chawo, n'kuchiika pagalasi.

"Pano?"

"Pomwepo, mayi."

Sanachichotse msanga. Anachita duwa motsitsa mawu, chala chili pomwepo, ine ndikuyankha amina. M'manja mwawo munali mafuta amene anadzoza khanda lija asananyamuke, ndiye atachotsa chala chidindo chinatsala. Anachiyang'ana, n'kutenga nsonga ya mpango wawo kuti apukute, ati ndadetsa galasi la ana. Ndinawagwira mkono. Pochoka anangoti ana anachita bwino kuchikulitsa, malowo ndi okongola, bambo anagona pabwino. Analibe choti anyamule kupita nacho kumudzi. Ndinawaperekeza mpaka pa basi, ndipo pobwerera ndinalira mu lifiti ngati mwana, pamaso pa mayi wina wa galu.

Amina, ukulira chiyani tsopano? Bwera kuno. Sindinati ndiwe mfiti, ndati ndiwe wosafunsa, ndipo matenda amenewo amachira. Mkwiyo wanga sunathe, usadzinamize, mwina ndidzapita nawo. Koma pukuta m'maso, ndikufuna maso amenewo aone. Nawenso Hamza, imirira. Imani apa, pamene ndaima inepa. Yang'anani mpata wa phiri. Tsikani nawo pang'onopang'ono, mupite kumanzere, mpaka pa chala cha anti anu. Manja kumbuyo, musakhudze. Tchulani dzina. Osati Sayidi ngati mukuitana mnzanu wa mpira, nenani Che Saidi, agogo athu. Bwerezani. Eya.

Tsiku limene ndidzafunse kuti chithunzi chija chili khoma liti, mudzandigwire dzanja n'kundiimika pano, ndipo mudzandiuze ndinu pamene agona. Ana anu akadzafunsa kuti bwanji galasi ili simulipukuta, mudzathokoze Mulungu kuti mwabereka ana ofunsa, n'kuwauza zonse, ndi za mtanda zomwe.

Tola kansanzako, Amina, umalize ntchito amayi ako asanabwere. Felemu upukute, m'mwamba monse upukute, phirilo uliwalitse mmene ungafunire. Koma ukafika m'munsi kumanzereko, dzanja ulinyamule. Pamenepo ndi pamanda.